Silabu ya Mabeseni

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti ndikunama aimirire, asiye kaye mbatata akudyayo, andiyang'ane m'maso, anene kuti aMbewe mwanama. Palibe? Ndiye khalani pa njerwapo mumve. Inunso mayi injiniya, vulani chipewa chanu cholimbacho mutu upiteko mphepo, chifukwa zimene ndinene pano mulibe m'mabuku munawerenga aja.

Masiku atatu ndakhala pakhonde la sitolo apo, ndikukuonani mukuyala timabokosi tanu tapulasitiki pamwamba pa mashatala, matabwa olandira konkire aja, kena apa kena apa, mizere ngati mbande za fodya, mukusiya mipata yogonekamo zitsulo uku ndi uku, ndipo anthu a pano pa Chisepo akuima mumsewu kukamwa yasa, ati taonani nzeru zachilendo. Zachilendo? Ine Sitefano Mbewe wa kwa Dzoole, amene pasukulu ndinalowapo kamodzi kokha pobisala mvula, ndinathira silabu ya konkire yotereyi, ya nthiti zopita mbali zonse ziwiri, makolo anu akuthamangabe opanda kabudula. Ndipo sindinathirire boma kapena mwini sitolo ayi. Ndinathirira mkazi, kuti asandichokere. Mukumva?

Dzina lake Nankhoma. Kwawo ndi kuseri kwa Boma la Ntchisi, m'tsinde mwa phiri, kumene nkhungu imalowa m'nyumba m'mawa n'kukhala pampando ngati mlendo. Ndinakhala kumeneko pa chikamwini zaka ziwiri, ndikulima minda yoimirira ngati khoma, yoti khasu likakupulumuka umakalitola kudambo mawa lake, kenako ndinapempha chitengwa kwa atsibweni ake, anavomera, ndinabwera naye kwathu. Kwathu n'kwabwino, chimanga chake chitsononkho chimodzi timanyamula awiri, koma n'koyalika ngati mphasa. Mkazi wanga anayamba kufota ngati mbande yowokeredwa dzuwa lili paliwombo. Sanali wolongolola. Akasesa m'mawa ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola, tsache lili m'manja, n'kuyang'ana kum'mawa, ndipo ankayang'ana mwamphamvu moti mitengo ya mbali imeneyo inayamba kuwerama kuti imupatse njira, koma phiri la kwawo osaoneka, chifukwa pakati panali chitunda chodzaza mabulugama.

Tsiku lina anati, "AMbewe, kuno maso anga alibe potsamira. Tikakolola ndikaone amayi."

Mkazi wa kumapiri akanena choncho, kuona amayi kwake sikukhala ndi tsiku lobwerera. Ndinati, "Nankhoma, phirilo chaka chino sindingalisunthe, ndili ndi fodya m'chigafa. Koma ndikweza iweyo. Ndikumangira nyumba yosanja, uzikhala pamwamba ukupeta mphale uku ukuona utsi wa pakhomo pa amayi ako."

Anaseka. Kuseka kwake kunali koyamba chibwerere kwa Dzoole, ndipo ndikulumbira pali malemu mayi anga, nkhuku zonse za pamudzi zinaikira kawiri tsiku limenelo. Anati, "Mukamanga, ndikhala."

Ndinayamba. Chipinda chapansi ndinachimanga chachikulu moti mwana akanyamuka chokwawa kukhoma la kumadzulo ankafika la kum'mawa atamera ndevu, ndipo ukaitana munthu ali mbali inayo, "wawa" yake inkakupeza utaiwala chimene umamuitanira. Anthu anati, ika mizati pakati. Ndinakana. Mzati pakati pa nyumba ndi ndodo ya nkhalamba, nyumba ya mkazi wanga singayende ndi ndodo. Koma vuto linalipo, sindibisa. Silabu wamba, yothira thi paliponse, kuti idumphe mtunda wotero imafunika kukhuthala mpaka m'chiuno mwanga, ndipo nditawerengera ndi njere za chimanga pansi ndinapeza kuti simenti yake ikanatsekeretsa fakitale, komanso ikanadzithyola yokha ndi kulemera kwake munthu asanapondepo.

Nzeru anandipatsa ndi Nankhoma yemweyo, osadziwa. Ankapeta, ine ndikuyang'ana lichero cham'munsi. Nsungwi yake yopyapyala ngati chikhadabo, imodzi yokha mwana aithyola, koma zikalukana, zina chotere zina chopingasa, zonse zitagwira mkombero, zimasenza chimanga choti bulu angakane. Ndinati eyaa! Silabu ya nthiti zopita mbali imodzi ili ngati thumba la feteleza lonyamula anthu awiri, ena awiri ataima manja m'thumba. Nthiti zikapingasana, makoma onse anayi amagawana katundu, palibe khoma lodya zaulere. Mukugwedeza mutu mayi injiniya? Dikirani, sindinathe. Gonekani thabwa pa ngalande, muimepo pakati. Pamwamba pake pamapanikizika, pansi pamakokeka, ndipo kung'aluka kumayambira pansipo. Konkire imakonda kupanikizidwa, ukaikoka imalira. Chitsulo ndiye chimakonda kukokedwa. Tsono konkire yonse ya kumunsi, imene ili pakati pa chitsulo ichi ndi icho, ntchito yake n'chiyani? Ndi mlendo wongodya osagwira khasu. Ndinati ameneyu achoke. Achoke bwanji? Pamalo pake tivundikirepo kanthu, konkire idutse m'mbali, ikauma kanthuko tichotse, patsale dzenje.

Timabokosi tanuti kunalibe. Ine ndinavundikira mabeseni.

Ndinayenda khomo ndi khomo kubwereka, kwa Dzoole konse, pano pa Chisepo, mpaka ku Mponela, ndinabwera nawo mabeseni zikwi zitatu ndi limodzi nditasanja pamutu, mulu wake wautali moti la pamwamba linkatunga madzi m'mitambo, ndipo mwezi wonsewo amayi a madera atatu ankatsukira mbale m'zipewa za amuna awo. Zitsulo ndinagula ndi fodya wa chaka chimenecho, zinabwera zopindika, ndinaziwongola ndi mano, kuzipinda ndinkapindira pabondo ili, n'chifukwa chake mpaka lero kukamabwera mvula limalira ngati belu la tchalitchi, mverani, ayi lero kulibe mvula. Mapolo ochirikiza mashatala ndinadula mabulugama ochuluka moti mbalame zinasowa potera, zinkatera pamapewa panga ine ndikukhoma misomali, ina inaswa ana m'thumba la malaya. Pakati pa mashatala ndinakwezapo pang'ono, chala chamanthu chimodzi, kuti silabu ikadzakhala pansi idzakhale mowongoka.

Ndiye kuyala. Beseni, mpata wa chikhatho, beseni, mpata wa chikhatho, chotere ndi chopingasa. M'mipatamo zitsulo ziwiriziwiri kumunsi, zitakhala pa timiyala kuti konkire izikute, dzimbiri lisazipeze. Pafupi ndi makoma sindinaikepo beseni ngakhale limodzi, pamenepo ndinasiya pothira thi, chifukwa katundu yense amakaunjikana pamenepo ngati anthu pakhomo la tchalitchi potuluka, ndipo ndinaonjezapo zitsulo za kumwamba zokowa khoma. Pamwamba pa mabeseni waya wolukana, woti konkire ya zala zinayi imukwirire. Ndani anandiphunzitsa? Lichero! Ndipo beseni lililonse ndinalipaka kumsana oilo wakuda wa kuchigayo, kuti konkire isaligwire. Gwirani mawu amenewo. Lililonse ndinalipaka.

Tsiku lothira mudzi wonse unabwera, chifukwa silabu sathira mawa ndi mkuja, ikayamba iyenera kutha dzuwa lomwelo. Amuna kusakaniza, amayi kutunga madzi, thobwa m'migolo. Kunabwera akulu a mpingo, kunabweranso alamu anga, mchimwene wake wa Nankhoma, kuchokera ku Ntchisi kudzathandiza. Mafosholo ankalira moti ku Dowa anaganiza kuti kwagwa nkhondo. Konkire yapsa, mawilibala afola, ine ndakwera kuti ndiyang'ane komaliza, ndikuona pakatikati penipeni pali mbee, thabwa lokha. Beseni limodzi palibe. Mayi wina woyandikana nafe anali atabwera m'mamawa n'kutenga lake, ati akufuna kuviika mphale.

Konkire sidikira munthu. Kusiya pamenepo popanda beseni ndiye kuti pakati penipeni, pamene silabu imafooka kwambiri, ndaikapo chimwala cholemera. Kubwereka kwina, kubwereka kuti, poti onse ndinali nditasesa? Ndinatsika makwerero osaponda ngakhale limodzi, ndinalowa m'nyumba yathu yaudzu, kuchipinda, pansi pa bedi.

Inu okwatira mwadziwa kale. Taonani mayi injiniya agwira pakamwa. Inde mayi, lomwelo. Beseni loyera, la mkombero wobiriwira, la duwa lofiira pakati, limene alangizi anam'patsa Nankhoma tsiku la ukwati wathu. Inu anyamata osakwatira, mvetsani: beseni limenelo ndi la anthu awiri okha, mwamuna ndi mkazi wake. Silituluka kuchipinda, satsukiramo mbale, mwana salikhudza, ngakhale mayi ako okubala saliona. Ine ndinatuluka nalo masana dzuwa likuswa mtengo, ndalinyamula m'mwamba ngati chikho cha mpira, ndikukuwa kuti, "Lapezeka! Thirani!" pamaso pa akulu a mpingo, pamaso pa alamu anga, pamaso pa amayi onse a m'mudzi.

Wina anandipatsira chitini cha oilo. Ndinakana. Ndinati m'mtima, beseni la mkazi wanga, loyera chonchi, ndilipake zakuda za kuchigayo? Ulemu wanga unathera pamenepo, anthu inu. Ndinalivundikira lopanda oilo.

Amayi amene ankaimba potunga madzi anadula nyimbo pakati. Alamu anga anaika fosholo pansi n'kuyang'ana kumbali. Nankhoma anali akubwera ndi ndowa pamutu. Anaima, anaitula pansi bwinobwino osataya ngakhale dontho, anakokera chitenje kumaso, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinati watopa. Tinathira, ine ndikusinja konkire ndi mtengo kuti ilowe m'nthiti monse, ndinasinja mwamphamvu moti mbatata za m'minda yoyandikana zinatuluka zokha m'mizere, dzuwa linafuna kulowa tisanathe, ndinaliloza ndi chala, linadikira.

Masabata anayi ndinaithirira madzi silabu ija, m'mawa ndi madzulo, mpaka mtsinje wathu unaphwa, achule anabwera pakhomo kudzadandaula. Masabata anayi omwewo Nankhoma sanapite kumjigo anzake ali komweko. Ankadikira onse achoke, chifukwa akamuona ankafunsana mokweza kuti kaya masiku ano anthu ena akusambira padenga. Kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo. Kwa ine ankangoti "ee" ndi "ayi". Ndinamuuza kuti, "Pirira Nankhoma, tikachotsa mapolo ndidzalibweza mwakachetechete, anthu adzaiwala." Anandiyang'ana, n'kutola ndowa yake.

Tsiku lochotsa mapolo linafika. Tinagwetsa mashatala, mabeseni anayamba kugwa okha ngati mango akupsa, phu, phu, phu, mayi aliyense kutola lake, phokoso lake ng'ombe za kwa Dzoole zinasiya mkaka sabata yathunthu. Titayang'ana kumwamba, anthu inu! Maenje ozungulira, mizere yowongoka uku ndi uku, nthiti zosalala ngati zopala, popanda mzati ngakhale umodzi, kukongola kwake njuchi zinabwera chigulu kudzaona, zinazungulira katatu, zinachita manyazi ndi zisa zawo, n'kusamukira ku Kasungu. Koma pakatikati, pamene diso la munthu aliyense wolowa limayambira kufika, beseni loyera lili gwa, kukamwa kwake kuloza pansi, duwa lofiira likuyang'ana aliyense. Ndinalikoka ndi zala, ndinalikoka ndi chingwe chomangirira ng'ombe zinayi. Konkire inali italikumbatira.

Mbiri ya silabu inamveka. Anthu ankabwera pa njinga, pa ngolo, ena wapansi kuchokera kutali, kudzaona nyumba yopanda mzati, ndipo aliyense akalowa, maso kumwamba, kenako kukhosomola kwabodza, kenako kuseka akatuluka. Ine ndinkamva zoyamikira zokha. Ndinamanga masitepe m'katimo, ndinakwera ndekha, ndinayang'ana kum'mawa. Phiri la Ntchisi lili apo, lonse, lobiriwira mpaka kuda, ngati ungalikhudze. Ndinatsika chothamanga. "Nankhoma, bwera! Kwanu kukuoneka!"

Anafika pakhomo la nyumbayo, anaima. Kuti akafike pa masitepe anayenera kudutsa pakati. Anati, "AMbewe, ndidutse pansi pa manyazi anga kuti ndikaone kwathu? Kwathu ndikudziwa njira yake."

M'mawa mwake anasesa bwalo lonse, anatsamiritsa tsache pakhoma, ananyamula kamtolo kake. Sanapondepo pa silabu ija ngakhale phazi limodzi.

Ndinatuma ankhoswe. Anabwera ndi mawu ochepa. Ati Nankhoma sakukana banja, sakufuna mbuzi, sakufuna chipepeso cha pakamwa. Ati mwamunayo abwere yekha ndi beseni lija, lathunthu, atalikulunga pansalu kuti asalionenso munthu, ndipo iye adzabwerera naye tsiku lomwelo.

Ndiye munthu unganene kuti n'zosavuta. Simukuidziwa konkire ya ine! Matchizulo makumi anayi anathera pamenepo, ena anapindika ngati mbedza, ena anasungunuka. Hamala ya mapaundi khumi ndinamenya kamodzi, inadumpha, inatulukira pazenera, anakaitola ku Mponela itagwera m'dengu la tomato. Ndinaitana anthu ophwanya miyala ndi zophulitsa zawo, chinaphulika, fumbi litatha tinapeza silabu ili chilili, iwowo ndi amene analibe nsidze. Mphenzi inagwapo chaka china, inachoka ikutsimphina. Chivomezi chinadutsa, nyumba za anthu ming'alu yokhayokha, chitafika pa ine chinalambalala. Ndinakwezapo ng'ombe makumi asanu kuti mwina ifooke, ndinakwezapo lole yodzaza mabelo a fodya, tinachita kuinyamula pamanja ine ndi msuweni wanga, ndinaitana kwaya ya mipingo isanu ndi iwiri kuti idumphe pamodzi pakatipo, silabu osagwedera ngakhale ngati tsitsi, mukumva? Ngati tsitsi! Ndiye ine ndikanatani? Munthu unamanga chinthu choposa mphamvu zako zomwe, mlandu ndi wa yani?

Mwati bwanji mayi injiniya? Nenani mokweza, khutu ili linagontha ndi zophulitsa zija.

Mwati beseni lomatidwa kumsana kokha, munthu atagogoda m'mphepete mwa mkombero ndi katchizulo kakang'ono, pofika masana likhala lili m'manja?

Hmm. Amene anakuphunzitsani sanakubereni.

Anyamata, tandipatsaniko madziwo.

Matchizulo makumi anayi aja panalibe. Inalipo imodzi, yobwereka. Ndinaimika mgolo pakati pa chipinda, ndinakwerapo, ndinaika tchizulo pamkombero, ndinakweza hamala. Ndiye ndinaona nthiti zinayi zija zozungulira beseni, zosalala, zopanda kachilema, pamene mphamvu yonse ya silabu imakumana. Kuti beseni lituluke losaphwanyika ndinayenera kuzibenthula zonse zinayi, mwina mpaka chitsulo kuonekera. Panja panali anthu atatu ochokera ku Madisi, atabwera kudzaona, ndinawamva akufunsa kuti, "A injiniya aja alipo?" Ine, wosadziwa kulemba dzina langa. Chibadwire palibe anali atanditchulapo choncho. Ndinatsitsa hamala bwinobwino. Ndinati mawa. Mawa ndinati alendo akachepa. Kenako ndinati tikakolola. Sindinamenyepo ngakhale kamodzi, anthu inu. Kamodzi kokha ayi.

Nankhoma anadikira mvula zitatu. Mlamu wanga anabwera kawiri kudzafunsa, kachitatu sanabwere. Kenako ndinamva kuti wakwatiwa ndi mphunzitsi wina wa komweko, munthu wofatsa, ati ankamutungira ndi madzi omwe.

Ndipo poti ndayamba kuvula, ndivule zonse. Mabeseni anali makumi awiri ndi asanu, asanu uku asanu uku. Chipindacho mukachiona mudzaseka, mapazi asanu ndi limodzi mwafika kukhoma. Makoma a pamwamba sindinamange, ndikanamangira yani? Ndi silabu yokha, ndi kampando kanga. Ndimakwera m'mawa uliwonse, masiku ano chokwawa. Mwezi wa Juni kukayera, phiri limabwera pafupi, ndimaona utsi ukukwera m'tsinde mwake, malo asanu, malo asanu ndi amodzi, ndimasankha umodzi n'kunena kuti uwo ndi wake, wayatsa mochedwa lero, kaya wadzuka bwanji. Zimenezo zokha sindikunama. Kwawo kumaoneka.

Mukuganiza kuti ndakhala pakhonde apo masiku atatu chifukwa chosirira timabokosi tanuti? Lamulungu lapitali ndinakumana ndi mayi wina wa ku Ntchisi wogulitsa mbatata ya kachewere. Ati mphunzitsi uja anamwalira chaka chatha, kumeta kunachitika, zonse zinatha. Ati Nankhoma alipo, tsitsi mbuu, maso achepa mphamvu, koma akuyenda yekha, akusesabe pakhomo pake. Ndinafunsa kuti za ine amatchulako? Ati anatchulapo kamodzi, kuti kwa Dzoole kuli katundu wake.

Manja awa hamala sangaikwezenso. Koma dzulo ndinakuonani mukudula khoma ndi chimakina chanu cholira ngati nkhumba chija, chija mumati galayinda. Loweruka mukaweruka, kwa Dzoole si kutali, minibasi imodzi, kotsalako ndi njinga. Nsalu yokulungira ndagula kale, ili m'thumba muno. Nthitizo dulani mmene mungadulire, zinayi zonse, silabu ikafuna kugwa igwe, ine ndidzakhala nditanyamuka. Chokhacho, duwalo musalikande.

Mubwera, mayi? Zikomo. Koma mubwere ndi mipeni yake iwiri makinawo, chifukwa konkire imeneyo anathira ndine.